Bernard Widrow, Mphunzitsi Amene Anaphunzitsa Makina

Munthu aliyense amene anagwirapo choko kapena pensulo adziwa kuti chilembo choyamba sichituluka chowongoka. Dzanja linjenjemera, mzere upita kumene sunatumidwe, ndipo mphunzitsi afika nati, "Iyayi, kokerani kuno pang'ono." M'mawa mwake dzanja lomwelo lilakwanso, koma kulakwa kwake kwachepa. Umu ndimo tiphunzirira ife tonse, ana ndi akulu omwe.

M'kabuku aka tikamba za munthu wina wa ku America amene anadzifunsa kuti, kodi makina a zitsulo ndi mawaya sangathe kuphunzira mwa njira yomweyi? Dzina lake ndi Bernard Widrow. Iye anali pulofesa, ndiko kuti mphunzitsi wamkulu wa pa yunivesite, ndipo anali kuphunzitsa umisiri wa magetsi pa yunivesite ya Stanford, m'chigawo cha California. Ambiri a inu simunamvepo dzina lake, koma ngati munalankhulapo pa lamya ndi mbale wanu ali kutali, mawu ake namveka bwino, dziwani kuti munadyako zipatso za ntchito ya munthu ameneyu. Tiyeni tsono tione mmene anayendera.

Ubwana wake

Bernard Widrow anabadwa pa 24 Disembala 1929 m'tauni yaing'ono ya Norwich, m'chigawo cha Connecticut. Atate ake anali kuyendetsa fakitale yopanga madzi oundana, amene timati ayezi. Masiku amenewo nyumba zambiri zinalibe firiji, kotero kuti anthu anali kugula zibuma za ayezi kuti nyama ndi mkaka zisaonongeke. M'fakitalemo munali makina aakulu oyendera magetsi, ndipo mwanayo anali kukonda kukhala pafupi ndi amisiri, kupenya mmene anali kulumikizira mawaya ndi kukonza zoonongeka. Kunyumba anali kuwerenga mabuku onena za wailesi, ndipo anayesa kupanga wailesi yakeyake akali mnyamata.

Atatsiriza sukulu ya kwawo anapita ku sukulu yotchuka ya umisiri yotchedwa MIT, imene ili mu mzinda wa Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts. Kumeneko analandira digiri yoyamba mu 1951, yachiwiri mu 1953, ndi yachitatu, ya udokotala, mu 1956. Musaganize kuti anasanduka dokotala wa chipatala. Udokotala umenewu upatsidwa kwa munthu amene wafufuza yekha chinthu chimene ena anali asanachidziwe.

Nthawi imeneyo pa MIT panali kompyuta ina yotchedwa Whirlwind. Inali yaikulu yodzaza zipinda, yokhala ndi nyali za magetsi zikwi zingapo m'kati mwake. Vuto lalikulu la kompyuta za masiku amenewo linali kusowa nkhokwe yabwino yosungiramo manambala. Mkulu wa ntchitoyo, Jay Forrester, anapeza njira yosungira manambala m'timphete ting'onoting'ono ta maginito, totungidwa pa mawaya monga mikanda. Widrow anagwira nawo ntchito ya timphete timeneti. Chotero iye anayamba ndi kuphunzitsa makina kukumbukira, asanaganize za kuwaphunzitsa kuphunzira.

Msonkhano wa ku Dartmouth

M'chaka cha 1956 akatswiri owerengeka anasonkhana pa koleji ya Dartmouth, m'chigawo cha New Hampshire. Ena mwa oitana msonkhanowo anali John McCarthy, Marvin Minsky ndi Claude Shannon. Nkhani yawo inali imodzi: kodi nkotheka kupanga makina oganiza monga munthu? Msonkhano umenewu ndiwo uwerengedwa ngati chiyambi cha maphunziro a nzeru zochita kupanga, amene atchuka kwambiri masiku ano.

Widrow anapitako kukamvetsera, ndipo anabwerako mutu utadzaza. Iye mwini anasimba pambuyo pake kuti anatha miyezi isanu ndi umodzi alikusinkhasinkha za kuganiza kwa munthu. Potsiriza anaona kuti ndi zipangizo zimene zinalipo nthawi imeneyo, makina oganiza sangapangidwe zisanathe zaka 25. Iye anali mphunzitsi wachinyamata wofunika kuonetsa ntchito, ndiponso anali mmisiri, munthu wofuna chinthu chogwirika ndi manja. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Choncho anasiya loto lalikulu lija nasankha kanthu kakang'ono kamene kanali kotheka: makina amene saganiza, koma atha kudzikonza okha akalakwa.

Kusankha kumeneku kunaoneka ngati kubwerera m'mbuyo. Tiona kutsogoloku kuti ndiko kunamufikitsa patali.

Lachisanu lina ku Stanford

Mu 1959 Widrow anasamukira ku yunivesite ya Stanford. Wophunzira wake woyamba wa udokotala anali mnyamata wotchedwa Marcian Hoff, amene anzake anali kumuitana Ted. Tsiku lina Lachisanu masana, chakumapeto kwa chaka chomwecho, awiriwa anaima pa bolodi. Mphunzitsi anali kufotokozera wophunzira wake njira zimene anali atayesa kale zochepetsera kulakwa kwa makina. Njira zimenezo zinali zazitali, pakuti zinali kufuna kuti munthu ayambe wasonkhanitsa zitsanzo zambiri ndi kuwerengera masamu ochuluka asanasinthe kanthu kalikonse. Alikukambirana choncho, anaona njira ina yaifupi: osadikira zitsanzo zambiri, koma kukonza makina pang'ono pa chitsanzo chilichonse, pomwepo pamene alakwa.

Anathamangira m'chipinda china mmene munali kompyuta, nayesa njirayo, ndipo inagwira. Tsono anafuna kupanga makina akeake oyendera lamulo limeneli, koma chipinda chosungiramo zipangizo za sukulu chinali chitatsekedwa kufikira Lolemba. Sanadikire ayi. Loweruka anapita ku sitolo ya zipangizo za wailesi m'tauni ya Palo Alto, nagula zonse zofunika, ndipo pofika Lolemba makina anali atatha.

Makinawo anawatcha ADALINE. Lamulo lija lidziwika ndi zilembo zitatu, LMS, zimene ziimira mawu a Chingerezi onena za kuchepetsa kulakwa kufikira kutachepetsetsa. Ena alitcha lamulo la Widrow ndi Hoff. Awiriwa analengeza ntchito yawo kwa akatswiri anzawo mu 1960.

Kodi makina aphunzira bwanji?

ADALINE kanali kabokosi koti munthu nkunyamula ndi dzanja limodzi. Pamaso pake panali maswichi 16, oikidwa m'mizere inayi, anayi pa mzere uliwonse. Pokweza maswichi ena ndi kutsitsa ena, munthu anali kujambula chilembo, monga T kapena J. Swichi iliyonse inali ndi chopotokola chake, chonga chimene tikweza nacho mawu a wailesi. Panalinso kamuvi kolozera, konga ka pa sikelo. Cholinga chinali chakuti kamuviko kapite kudzanja lamanja pakaikidwa T, ndi kudzanja lamanzere pakaikidwa J.

Kuti timvetse, tiyerekeze mfumu imene ili ndi nduna 16. Pa mlandu uliwonse nduna iliyonse iyankha mawu amodzi okha, "inde" kapena "iyayi." Mfumu siwerengera mawu a nduna zonse mofanana. Ina imaikhulupirira kwambiri, ina pang'ono, ndipo ina imadziwa kuti ikati "inde" choona chimakhala "iyayi." Mfumu iphatikiza mawu onsewo monga mwa kulemera kwake, nigamula. Pambuyo pake choona chidziwika. Pamenepo mfumu ionjezera pang'ono chikhulupiriro chake pa nduna zimene zinakokera ku choona, nichepetsa pang'ono pa zimene zinakokera kumbali. Ikaweruza milandu yambiri chotere, idzadziwa kulemera kwa mawu a nduna iliyonse, ndipo chiweruzo chake chidzalungama.

Maswichi aja ndiwo nduna. Zopotokola zija ndizo chikhulupiriro cha mfumu. Kamuvi kaja ndiko chigamulo. Tinene kuti mphunzitsi afuna kuti kamuvi kaloze pa 10, koma kaloza pa 4. Kulakwa ndi 6. Tsono zopotokola zonse zitembenuzidwa pang'ono, chilichonse kumbali imene ichepetsa kulakwako. Kulakwa kukakhala kwakukulu, zitembenuzidwa kwambiri. Kukakhala kwakung'ono, zingokhudzidwa. Kenaka paikidwa chilembo china, ndipo ntchito ibwerezedwa.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga pano. Choyamba, kukonzako kuyenera kukhala kwa muyeso. Mayi wothira mchere m'ndiwo athira pang'ono nalawa, nathiranso. Akathira dzanja lonse nthawi imodzi ndiwo ziwawa, ndipo akathira kambewu kamodzikamodzi alendo agona ndi njala. Makina nawo akakonzedwa mopitirira alumpha choona nagwera tsidya lina, ndipo akakonzedwa mochepetsa achedwa kuphunzira. Chachiwiri, palibe munthu amene auza makinawo kuti T ndi mzere woima wokhala ndi denga. Angoonetsedwa zitsanzo, nauzidwa kukula kwa kulakwa kwawo. Nzeru yonse imene apeza ikhala m'kaimidwe ka zopotokola zija.

Widrow sanali yekha m'munda umenewu. Katswiri wina, Frank Rosenblatt wa ku Cornell, anali atalengeza kale mu 1958 makina ake ophunzira otchedwa perceptron. Onse awiri anatengera chitsanzo pa timaselo ta mu ubongo, timene tilandira mauthenga ambiri ndi kutulutsa uthenga umodzi. Kusiyana kwake kunali kwakuti makina a Rosenblatt anali kukonzedwa pokhapokha yankho likalakwika, pamene a Widrow anali kukonzedwa ngakhale yankho lili lolondola koma lofooka. Mphunzitsi wabwino achita chimodzimodzi: mwana akayankha bwino koma mokayika, samusiya pomwepo.

Pensulo ndi tsache

Pa ADALINE woyamba, munthu ndiye anali kutembenuza zopotokola ndi dzanja. Widrow anafuna kuti makina azidzikonza okha. Mu 1960 iye ndi Hoff anapeza njira yodabwitsa. Anatenga khala lakuda la m'kati mwa pensulo, naliviika m'madzi a mankhwala okhala ndi mkuwa. Magetsi akapita mbali imodzi, mkuwa unali kumatirira pa khalalo, ndipo khala linali kulola magetsi ambiri kudutsa. Akapita mbali ina, mkuwa unali kuchoka, ndipo magetsi odutsa anali kuchepa. Kachipangizo kameneka anakatcha memistor. Kanagwira ntchito ya chopotokola chosafuna dzanja la munthu. Ataphatikiza ma ADALINE ambiri pamodzi, anapanga makina okulirapo amene anawatcha MADALINE.

Pokhala mmisiri, Widrow sanakhutire ndi zilembo zokha. Anafuna kuti makina ake agwire zinthu zolemera, zoyenda ndi zogwa. Nonse mudziwa masewera a ana oimika ndodo kapena tsache pachikhatho. Tsache likapendekera kutsogolo, mwana athamangitsa dzanja kutsogolo, ndipo likapendekera m'mbuyo abweza dzanja. Cha mu 1963 Widrow ndi ophunzira ake anaimika ndodo pa kangolo koyenda pa njanji yaifupi. Makina anali kulandira uthenga wa pamene kangolo kali, liwiro lake, kupendekeka kwa ndodo ndi liwiro la kupendekekako. Poyamba anali kutsanzira makina ena odziwa kale ntchitoyo, nakonzedwa pamene asiyana nawo. Potsiriza anatha kukankha kangolo uku ndi uku okha, ndodo osagwa.

Khoma

Tsono inafika nthawi yovuta. ADALINE mmodzi atha kuphunzira zinthu zapafupi zokha. Kuti makina aphunzire zinthu zozama, pafunika ukonde wa mizere ingapo, mzere woyamba upereke mayankho ake kwa wachiwiri, wachiwiri kwa wachitatu. Tibwerere ku chitsanzo chathu. Tinene kuti nduna zilangiza nyakwawa, nyakwawa zilangiza mfumu yaikulu, ndipo mfumu yaikulu yagamula molakwa. Kodi wolakwa ndani? Kukonza mfumu yaikulu nkosavuta, pakuti kulakwa kwake kuoneka. Koma nyakwawa ya pakati ikonzedwa bwanji, popeza palibe amene adziwa chimene inayenera kunena?

Widrow ndi Hoff anayesa njira zambiri, koma sanapeze yankho lokwanira. Chapakati pa zaka za m'ma 1960 Widrow anaika pambali ntchito ya maukonde. Mu 1969 Marvin Minsky ndi Seymour Papert anatulutsa buku lotchedwa Perceptrons, losonyeza ndi masamu zinthu zimene makina a mzere umodzi sangathe kuchita. Anthu ambiri anataya mtima, ndipo ndalama zothandizira kafukufuku wotere zinachepa.

Hoff anachoka ku Stanford mu 1968 nakalowa kampani yatsopano yotchedwa Intel. Kumeneko, pamodzi ndi Federico Faggin, Stanley Mazor ndi Masatoshi Shima, anapanga Intel 4004, imene inatuluka mu 1971. Kameneka kanali kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, kokhala ndi ubongo wonse wa kompyuta m'kati mwake. Zidzukulu zake ndizo zili m'makompyuta ndi m'malamya a m'manja lero.

Nanga mphunzitsi uja? Kachiwirinso anachita monga anachitira atachoka ku Dartmouth. Sanaumirire kugumula khoma ndi mutu. Anatenga chimene chinali m'manja mwake, lamulo la LMS, nafunafuna kumene lingathandize anthu.

Mtima wa mwana wosabadwa

Pali vuto limodzi limene lisautsa amisiri a magetsi kulikonse, ndilo phokoso. Uthenga umene munthu afuna kumva ufika utasakanizika ndi zina zosafunika. Sefa wamba ichotsa phokoso limene mmisiri analidziwiratu. Koma phokoso lisintha, lero lili chotere, mawa chotere. Widrow anaona kuti lamulo lake litha kupanga sefa yodzikonza yokha, yotsata phokoso kulikonse kumene lipita.

Mu 1967 iye ndi anzake analemba za milongoti ya wailesi imene iphunzira yokha kutchera khutu kumbali kumene kuchokera uthenga, ndi kugonthera kumbali kumene kuchokera chisokonezo. Mu 1975 analemba nkhani ina yotchuka ya kuchotsa phokoso, ndipo chimodzi mwa zitsanzo zake chinali cha mayi woyembekezera.

Mtima uliwonse ukamagunda utulutsa timagetsi tochepa timene madokotala atha kutijambula pa pepala. Mtima wa mwana ali m'mimba ugunda mofulumira, kawirikawiri pakati pa 120 ndi 160 pa mphindi imodzi, koma timagetsi take nkofooka. Dokotala akaika mawaya pamimba pa mayi, mtima wa mayiyo umveka kwambiri nuphimba wa mwana, monga ng'oma iphimba kulira kwa kambalame. Widrow ndi anzake anaika mawaya ena pachifuwa pa mayi, pamene pamveka mtima wa mayi wokha. Makina anapatsidwa ntchito iyi: kuchokera pa zimene akumva pachifuwa, alosere zimene zimveke pamimba. Ulosiwo unali kuchotsedwa pa zimene zamvekadi pamimba, ndipo chotsala chinali kuwerengedwa ngati kulakwa kofunika kuchepetsa.

Pang'onopang'ono makina anaphunzira kulosera bwino kugunda kwa mtima wa mayi, ndipo kunafafanizika. Koma panatsala kanthu kena kamene makina sanathe kukalosera, pakuti pachifuwa panalibe chizindikiro chake. Kanthu kameneko kanali mtima wa mwana. Taonani chodabwitsa: chimene makina anali kuchiyesa kulakwa kwawo ndicho chimene dokotala anali kufuna.

Nzeru yomweyi inalowa m'malamya. Munthu akafuula pafupi ndi phiri, mawu ake abwerera kwa iye. Pa lamya yopita kutali zichitikanso chotere, pakuti mbali ina ya mawu ibwerera m'mawaya. Mawu akadzera pa setilaiti imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, abwerera patapita theka la sekondi kapena kupitirirapo, ndipo wolankhula asokonezeka ndi mawu ake omwe. M'zaka za m'ma 1960 amisiri a ku Bell Laboratories anapanga zipangizo zimene ziphunzira maonekedwe a mawu obwererawo ndi kuwachotsa, potsata lamulo la mtundu womwewu. Zipangizo zotumizira mauthenga a kompyuta pa mawaya a lamya zinadaliranso masefa odzikonza okha. Chotero pa zaka zimene anthu anali kunena kuti makina ophunzira afa, lamulo la Lachisanu lija linali kugwira ntchito usana ndi usiku m'maiko ambiri, anthu osalidziwa. Mu 1985 Widrow ndi Samuel Stearns anasonkhanitsa nzeru zimenezi m'buku lotchedwa Adaptive Signal Processing, limene amisiri ambiri anaphunzirapo.

Khoma ligwa

Yankho la funso la nyakwawa ya pakati linapezeka ndi anthu ena. Paul Werbos analilemba mu 1974 pa yunivesite ya Harvard, koma owerenga anali ochepa. Mu 1986 David Rumelhart, Geoffrey Hinton ndi Ronald Williams analifotokoza momveka, ndipo linafala. Chinsinsi chake chinali ichi. Pa makina a Widrow, aliyense wa pakati anali kuyankha "inde" kapena "iyayi" basi, kotero kuti kumukonza pang'ono sikunali kuoneka kumwamba. Koma akaloledwa kuyankha mwa muyeso, monga "inde ndithu," "inde pang'ono," kapena "ndikayika," pamenepo nkotheka kuwerengera gawo la kulakwa limene yense wabweretsa, kuyambira kwa mfumu yaikulu kutsika m'mbuyo kufikira kwa nduna. Yense akadziwa gawo lake, akonzedwa pang'ono monga mwa lamulo lakale lija.

Munthu wina akadachita manyazi kapena nsanje poona kuti ena atsegula chitseko chimene iye analephera. Widrow, ali ndi zaka zoposa 55, anaphunzira njira yatsopanoyo nabwerera ku ntchito imene anaisiya zaka 20 m'mbuyomo. Ndipo monga mwa chizolowezi chake, anaiyesa pa chinthu cholemera ndi choyenda.

Funsani dalaivala aliyense wa lole yokoka ngolo, adzakuuzani kuti kupita kutsogolo nkosavuta, koma kubwerera m'mbuyo ndiye ntchito. Ukapotoza chiwongolero kumanja, ngolo ithawira kumanzere, ndipo ukachedwa kubweza, lole ndi ngolo zipindana ngati mpeni wa m'thumba. Mu 1989 Widrow ndi wophunzira wake Derrick Nguyen anaonetsa makina ophunzira kubweza lole yotere kufikira pakhomo la nyumba yotsitsira katundu. Loleyo sinali ya pamsewu, inali yoyerekezera m'kati mwa kompyuta, koma inali kutsata malamulo a kayendedwe ka lole yeniyeni.

Anagwiritsa ntchito maukonde awiri. Woyamba unaphunzira khalidwe la lole: chiwongolero chikapotozedwa chotere, ngolo ipita kuti? Wachiwiri unali dalaivala. Dalaivalayu sanauzidwe kuti apotoze liti kapena motani. Anangobweza lole kufikira itaima, ndipo pamenepo anali kuyeza kutalika kwa pamene ngolo yaima ndi pamene inayenera kuima. Kulakwa kumeneko kunali kubwezedwa m'mbuyo kudzera mu ukonde woyamba uja, kuti dalaivala adziwe pamene anapotoza molakwa. Poyamba lole inali kuikidwa pafupi ndi khomo, itawongoka. Dalaivala atazolowera, anali kuiika patali ndi mopingasa, monga mphunzitsi ayambitsa ana zilembo asanawapatse mawu. Atayesa maulendo zikwi zambiri, dalaivala wa m'kompyutayo anatha kufikitsa ngolo pakhomo ngakhale kuchokera pamalo ovuta amene sanayambe waikidwapo.

Zaka zotsatira

Widrow anakhala pa Stanford zaka zoposa 50, naphunzitsa ophunzira ambiri amene anakakhala aphunzitsi ndi amisiri m'maiko osiyanasiyana. Anapanganso chothandizira anthu osamva bwino, chovala m'khosi ngati mkanda, chokhala ndi timaikolofoni tingapo totola mawu a munthu amene ali kutsogolo ndi kuchepetsa phokoso la m'mbali. Mu 1986 analandira mendulo ya Alexander Graham Bell, mu 1995 anasankhidwa kulowa m'bungwe la amisiri otchuka a dziko la America, ndipo mu 2001 analandira mendulo ya Benjamin Franklin.

Makina ophunzira a masiku ano ndi aakulu koposa. M'malo mwa zopotokola za m'kabokosi kaja, ali ndi manambala mamiliyoni ndi mabiliyoni osungidwa m'kompyuta. Amasulira zilankhulo, azindikira nkhope, athandiza kulosera nyengo. Mu 2024 mphotho ya Nobel ya sayansi ya fizikisi inapatsidwa kwa John Hopfield ndi Geoffrey Hinton chifukwa cha ntchito yawo pa maukonde otere. Koma mukafunsa kuti makina aakuluwa aphunzitsidwa bwanji, yankho lake silinapite patali ndi la pa bolodi lija la 1959: aonetseni zitsanzo, yezani kulakwa, konzani pang'ono, bwerezani.

Mawu otsiriza

Mbiri ya munthu ameneyu ifanana ndi lamulo limene anapeza. Mu 1956 analota zazikulu, naona kuti walumpha, nabweza pang'ono. M'zaka za m'ma 1960 anagunda khoma, natembenukira kumene kunali njira. Ena atamuonetsa pamene analakwa, sanakane, koma anakonza nayambanso. Sanafike pa makina oganiza amene anawalota ali mnyamata, koma anasiya chida chimene chinamveketsa mawu a anthu otalikirana ndi kugunda kwa mtima wa mwana wosabadwa.

Inu amene mwawerenga kabuku aka kufikira pano, mwina munayamba sukulu mutakula, ndipo mwina tsiku lina munachita manyazi pamene mphunzitsi anadula mzere pa mawu amene munalemba. Kumbukirani kuti kabokosi kaja ka ku Stanford sikakadaphunzira kanthu pakadapanda wokauza kukula kwa kulakwa kwake. Mzere wa mphunzitsi ndiwo ukusonyezani mbali yoti mupotozere. Konzani pang'ono lero, mawa mukonzenso, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.